Kunenerera mtengo wa galimoto yapamwamba yogwiritsidwa kale ntchito ku Britain

Amalawi ambiri amene akhazikika ku Britain, makamaka amene akugwira ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba, ikakwana nthawi yogula galimoto maso awo amagwera pa Mercedes-Benz E-Class, BMW 5 Series, Audi A6, Jaguar XF kapena Volvo S90. Ine sindiona cholakwika pamenepa. Kwathu galimoto zimenezi amakwera ndi mabwana, ndipo kuno zimagwa mtengo msanga, moti ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi nthawi zambiri imapezeka pa ndalama zosafika theka la mtengo umene inagulidwira ili yatsopano. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kanenereredwe kathu tikafika pa bwalo la wogulitsa, chifukwa ndi pamene abale ambiri amataya ndalama zimene anazipeza mogona usiku pa ntchito.

Kunyumba tinazolowera za pa kaunjika: wogulitsa amatchula mtengo wokwera akudziwa kuti mutsitsa, inu mumatchula theka, kenako mumakumana pakati mutapemphana mwachibale kuti achotseko pang'ono. Ku Britain sizimayenda choncho. Pafupifupi wogulitsa aliyense amaika galimoto zake pa tsamba la pa intaneti la Auto Trader, pomwe wogula amaziona zitandandalikana ndi za ogulitsa ena, ndipo tsambalo limaonetsa ngati mtengo uli wabwino kapena wokwera. Choncho mtengo wolembedwa sukhala patali kwambiri ndi umene wogulitsa angalole, ndipo chimene chimachotsedwa kawirikawiri ndi mapaundi mazana angapo. Mukatchula theka, amangoona kuti simunabwere kudzagula. Mukadandaula kuti muli ndi ana a sukulu ndi makolo kumudzi, amamvetsera mwaulemu koma mtengo susuntha. Chimene chimasuntha mtengo kuno ndi umboni wakuti galimotoyo ili ndi zofunika kukonza, kapena wakuti inzake yofanana nayo ikugulitsidwa motsika kwina, ndipo umboni umenewu mumausonkhanitsa musanachoke pakhomo.

Musanachite china chilichonse, funsani mtengo wa inshulansi pogwiritsa ntchito nambala ya galimoto imene mwaisirirayo. Kuno galimoto zimaikidwa m'magulu a inshulansi kuyambira 1 mpaka 50, ndipo zapamwambazi zimakhala m'magulu a m'mwamba. Laisensi ya ku Malawi imaloledwa kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwayamba kukhala m'dziko muno, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga zimakhalira ndi ya ku South Africa kapena ya ku Zimbabwe, choncho ambiri a ife timayamba ngati madalaivala atsopano, zimene zimakweza inshulansi kwambiri. Ngati ntchito yanu ndi yoyendera odwala m'makomo mwawo, auzeni a inshulansi zoona zake kuti galimotoyo muziyendera pa ntchito. Palibe phindu kupambana £500 ponenerera kenako n'kupeza kuti inshulansi ya chaka chimodzi yameza ndalamazo kangapo.

Mukakhutira ndi zimenezo, lembani nambala ija pa tsamba la boma la GOV.UK lofufuzira mbiri ya MOT, kumene ndi kuyesedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu. Kufufuzaku n'kwaulere, ndipo kumaonetsa mamailosi amene galimoto inali itayenda pa kuyesedwa kulikonse, zimene inalephera, ndiponso machenjezo otchedwa advisory, amene ndi zinthu zimene woyesa anaona kuti zayamba kutha ngakhale galimotoyo inakhoza. Machenjezo amenewa ndiwo chida chanu chachikulu. Ngati chaka chatha analemba kuti mabuleki akutsogolo adyeka ndipo palibe lisiti yoonetsa kuti anasinthidwa, ndiye kuti ndalama yokonzera idzachoka m'thumba mwanu, ndipo muli ndi chifukwa chomveka choichotsera pa mtengo. Ngati mamailosi akutsika m'malo mokwera chaka ndi chaka, galimoto imeneyo isiyeni. Lipiraninso kafukufuku wa mbiri ya galimoto, amene anthu amangomutcha HPI, kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole yosatha kubweza, ngati inabedwa, kapena ngati a inshulansi anaiika m'gulu la Cat S kapena Cat N itachita ngozi. Galimoto ya m'magulu amenewa imaloledwa kuyenda ikakonzedwa, koma mtengo wake uyenera kukhala wotsika kwambiri, ndipo idzakuvutani pogulitsa.

Pali zinthu zina zitatu zimene zimakhudza galimoto zapamwamba makamaka, ndipo wogulitsa sachita changu kuzitchula. Galimoto imene inalembetsedwa kuyambira pa 1 April 2017 ndipo mtengo wake ili yatsopano unapitirira £40,000 imalipira msonkho wowonjezera kwa zaka zisanu, kuyambira chaka chake chachiwiri. M'chaka cha msonkho cha 2025 mpaka 2026 ndalama yowonjezerayo inali £425 pamwamba pa £195 ya masiku onse. Zilibe kanthu kuti inu mwaigula pa £17,000, boma limayang'ana mtengo woyamba uja, kuphatikizapo zowonjezera zimene mwini woyamba anasankha, choncho funsani kuti zatsala zaka zingati. Chinthu china ndi utsi. Kuyambira pa 29 August 2023 dera la ULEZ, momwe galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipiritsidwa, linakuta London yense, ndipo galimoto ya dizilo yosafika muyezo wa Euro 6, umene zambiri zinaufika cha mu September 2015, imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda kumeneko. Pakati pa mzinda wa Birmingham imalipira £8. Ichi n'chifukwa chake madizilo akale amaoneka otsika mtengo modabwitsa. Chomaliza ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda ulendo wautali mothamanga, koma imatsekeka ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi. Mlongo amene ntchito yake ndi kuchoka pa khomo ili kupita pa khomo lina m'tauni imodzi aganize kawiri asanagule BMW 520d kapena Mercedes-Benz E220d, ngakhale mtengo utakoma chotani.

Tsiku lokaona galimoto pitani masana, mvula isakugwa, chifukwa madzi amabisa zokalika ndi utoto wopakidwa kawiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo galimoto zonse za pa bwalo zimakhala zitapukutidwa mpaka kunyezimira. Tengani mnzanu wodziwa za galimoto, kapena lipirani makaniko wodziimira payekha kuti aiyeze. Pemphani kuti injini muilize nokha ili yozizira, mumvetsere ngati pali kugogoda. Onani matayala onse anayi: lamulo limafuna kuti mizere yake ikhale yakuya mosachepera mamilimita 1.6, ndipo matayala a galimoto zimenezi ndi aakulu ndiponso odula. Yesani chilichonse cha magetsi, mipando, mawindo, zoziziritsa mpweya ndi sikirini, poti pa galimoto yapamwamba kanthu kakang'ono kakafa kamadya ndalama zambiri. Iyendetseni pa msewu wothamanga ndi m'tauni momwe, mumve ngati magiya akusintha mosagwedeza. Pemphani chikalata cha kalembera wa galimoto chotchedwa V5C, muone ngati nambala ya chasisi yolembedwamo ikufanana ndi imene ili pa galimoto. Funsaninso mbiri ya sevisi. BMW, Mercedes-Benz ndi Audi zambiri za zaka zaposachedwa zimasunga mbiriyi pa kompyuta m'malo mwa kabuku, choncho wogulitsa akuonetseni kapena akusindikizireni. Chilichonse chimene mwapeza chilembeni pa pepala pamodzi ndi mtengo wokonzera, umene mungaufunse pa foni ku galaja ina iliyonse.

Tsopano mwakhala pansi ndi wogulitsa. Funso lake loyamba nthawi zambiri limakhala lakuti mungakwanitse ndalama zingati pa mwezi. Musaliyankhe. Muuzeni mwaulemu kuti mukufuna mugwirizane kaye mtengo wonse wa galimoto, za kalipiridwe zibwera pambuyo. Musamuuze malire a ndalama zanu, ndiponso musaonetse kuti mtima wanu wagwera kale pa galimotoyo, ngakhale utagwerapo.

Tiyerekeze kuti galimoto yalembedwa £16,995. Mwapeza kuti matayala awiri akumbuyo atsala pang'ono kutha, ndipo galaja yakuuzani kuti ndi £320, mabuleki ndi £280, ndipo sevisi yayandikira, imene ndi £350. Mwaonanso ziwiri zofanana nayo zaka ndi mamailosi zikugulitsidwa pa £16,500. Muikireni pepalalo patsogolo, mumuonetse ndi zinazo pa foni, kenako nenani nambala imodzi yomveka, monga £15,900, n'kuwonjezera kuti akavomera mulipira dipoziti lero lomwe. Mukatero khalani chete. Pamenepa ndi pamene ambiri a ife timagonja, chifukwa tinaleredwa kuti kukhala duu pamaso pa munthu ndi mwano, ndiye timayamba kudzikweza tokha mtengo iye asanayankhe n'komwe. Musiyeni alankhule ndi iye. Mwina anena kuti akafunse kaye bwana wake, n'kubwera ndi £16,700. Inu kwerani pang'onopang'ono, ndi £100 kapena £150, ndipo kukwera kulikonse kukhale ndi chosinthana nacho. Akakanitsitsa pa ndalama, tembenukirani ku basela: asinthe matayala aja, achite sevisi, aike MOT yatsopano ya miyezi 12, atalikitse waranti. Kwa iye zinthu zimenezi n'zotsika mtengo chifukwa ali ndi galaja yake kapena amagula pa mtengo wa amalonda, pomwe kwa inu ndi ndalama zenizeni. Ngakhale ogulitsa akuluakulu amene amati mitengo yawo siinenereredwa nthawi zina amalola kukonza zimene mwaloza. Funsaninso ngati pali ndalama ina yowonjezera ya mapepala, imene amaitcha admin fee, ndipo ngati ilipo pemphani kuti ichotsedwe kapena iwerengeredwe mu mtengo umene mwagwirizana.

Nkhani ya ngongole ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, poti m'menemo ndi mmene ndalama zambiri zimalowera. Kwathu wobwera ndi ndalama m'manja ndiye mfumu, koma kuno wogulitsa amalandira komishoni mukatenga ngongole kudzera mwa iye, choncho kunena kuti mulipira zonse nthawi imodzi sikumusangalatsa monga mungaganizire. Kuyambira mu January 2021 bungwe loyang'anira makampani a zachuma la FCA linaletsa mchitidwe wakuti wogulitsa azikweza chiwongoladzanja pofuna kukweza komishoni yake, komabe komishoniyo ilipo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa za iyo. Yang'anani nambala ya APR, imene imaonetsa chiwongoladzanja chonse cha pa chaka, ndi ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pomaliza. Mukabwereka £15,000 kwa miyezi 48 pa APR ya 12.9 peresenti, chiwongoladzanja chimakwana pafupifupi £4,030, pomwe pa 7.9 peresenti chimakhala pafupifupi £2,450. Kusiyana kwake n'kopitirira £1,500, kumene n'kochuluka kuposa zonse zimene munalimbana nazo pa mtengo wa galimoto. Amene mwangofika kumene mbiri yanu ya ngongole imakhala yochepa, ndiye mumapatsidwa chiwongoladzanja chokwera, choncho funsani kaye ku banki yanu musanapite, kuti mukhale ndi choyerekezera. Pa ngongole ya mtundu wa PCP ndalama ya pa mwezi imaoneka yochepa chifukwa gawo lalikulu limasungidwira kumapeto, muli malire a mamailosi pa chaka, ndipo galimoto siikhala yanu mpaka mutalipira gawo lomalizalo. Amene muli ndi maganizo odzaitumiza kumudzi dziwani kuti simungaigulitse kapena kuitumiza ngongole ya PCP kapena ya HP, yolipira mtengo wonse pang'onopang'ono, isanathe. Mukasaina n'kuzindikira kuti mwalakwitsa, lamulo limakupatsani masiku 14 otulukira m'pangano la ngongole, koma ndalama munabwerekazo muyenera kubweza, poti galimotoyo mwagula ndithu. Zowonjezera zimene amakutsatsani pomaliza, monga mankhwala oteteza utoto ndi inshulansi ya GAP yokwaniritsa ndalama zimene inshulansi yanu yaperewera galimoto ikabedwa kapena ikaonongekeratu, musazivomere pompo. Zambiri zimapezeka kwina motsika.

Ngati mukusiya galimoto yanu yakale kuti ichotsere pa mtengo, fufuzani mtengo wake kwa ogula ena kaye, ndipo poyerekeza muziyang'ana ndalama imene mukuwonjezera, chifukwa wogulitsa akhoza kutsitsa mbali imodzi n'kukudyerani mbali inayo. Nthawi nayo imathandiza: kumapeto kwa mwezi ogulitsa ambiri amafuna kukwanitsa chiwerengero chawo, ndipo mu March ndi September, pamene manambala atsopano amatuluka, mabwalo amadzaza ndi galimoto zimene anthu asiya.

Mukalephera kugwirizana, thokozani, siyani nambala yanu ya foni, nyamukani. Akakuuzani kuti pali wina akubwera kudzaitenga madzulo ano, mwina n'zoona, koma galimoto za mtundu umenewu zilipo zambiri m'dziko muno, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukagwirizana, zonse zimene walonjeza zilembedwe pa chikalata cha malonda musanapereke khobidi: mtengo, matayala, sevisi, waranti, tsiku lotenga galimoto, ndiponso ngati dipoziti ingabwezedwe. Ngati n'kotheka lipirani dipozitiyo ndi khadi la ngongole, chifukwa gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act ya 1974 limachititsa kampani ya khadi kusenza nawo mlandu pa katundu wa mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000. Consumer Rights Act ya 2015 imakulolani kubweza galimoto m'masiku 30 ngati yapezeka ndi vuto limene inali nalo pogula, ndipo vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndi udindo wa wogulitsa kusonyeza kuti panalibe pamene ankakupatsani. Wamalonda sangakulandeni ufulu umenewu polemba kuti mwagula monga mwaionera, ndipo musalole kuusinthanitsa ndi kutsitsiridwa mtengo. Pa tsiku lotenga, onaninso ngati zolonjezedwa zija zachitikadi, landirani makiyi onse awiri ndi kapepala kobiriwira ka mwini watsopano kochokera mu V5C. Msonkho wa mwini wakale susamukira kwa inu, choncho lipirani wanu pa intaneti ndi nambala ya pa kapepalako, ndipo inshulansi ikhale itayamba musanatulutse galimotoyo pa geti.