Musanazolowere kupita kuntchito pa njinga yamoto, yezani kaye ulendo wanu

Ndimakhala ku Chirimba koma ntchito ndimagwira ku Limbe, ndipo ulendo umenewu ndimauyenda pa njinga yamoto yangayanga. Ndisanagule ndinkakwera kabaza ngati wina aliyense. Anzanga amene atopa ndi kutsika minibasi m'tauni n'kukweranso ina ya ku Limbe amakonda kundifunsa ngati nawonso ayambe kuyenda panjinga. Sindiwauza kuti inde kapena ayi. Munthu wa ku Namiwawa amene akungolowa m'tauni dzuwa likuwala, ndi munthu wa ku Bangwe amene akuweruka usiku mvula ikugwa, onse akwera njinga yamoto, koma ngozi imene ili patsogolo pawo si yofanana. Choyenera kuyeza ndi ulendo wanu womwewo, wa inuyo, ndipo mmene ine ndimayezera ndi umu.

Yambani ndi phindu lake, ndipo mulilembe ndithu papepala. Njinga imakutengani pakhomo n'kukakusiyani pageti la kuntchito. Simudikira kuti minibasi idzaze, ndipo magalimoto akathithikana pa Ginnery Corner inu mumadutsa. Ngati njinga ndi yanu, mafuta ake ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi galimoto. Mukatero tembenuzani pepalalo. Panjinga palibe chitsulo chokutchingani, chimene chimayamba kufika pansi ndi thupi lanu. Lipoti la 2023 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo tikatengera kuchuluka kwa anthu, kuno ku Africa ndiye kumene imfa zotere zili zambiri kuposa kwina kulikonse.

Koma musangoganiza za imfa yokha. Fupa la ntchafu likathyoka, munthu wamkulu amatha miyezi 3 mpaka 6 asanayambe kuyenda bwinobwino. Neba wanga wina, mmisiri wa matabwa, anagwa ali pa kabaza n'kuthyoka msongolo. Ndinkakamuona ali pakhonde, mwendo atausanjika pampando, zitsulo zitalowa m'fupa n'kutulukira kunja kwa khungu, akazi ake akupukuta ndi thonje mozungulira chitsulo chilichonse kuti pasachite mafinya. Masowo ake anachita dzimbiri, makasitomala anapita kwina, ana anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Dzifunseni moona mtima kuti inuyo mutagona miyezi yotereyi, lendi alipira ndani, ufa agula ndani. Wa pantchito yolembedwa, amene ali ndi tchuthi cha odwala ndi sikimu ya chipatala, ayankha mosiyana ndi mayi wa geni amene amadyetsa ana zimene wagulitsa tsiku lomwelo.

Mukatha masamuwo, udziweni msewu wanu. Tsiku lina muli mu minibasi, foni ikhale m'thumba, mukhale pawindo, muziona malo amene njinga zimapanikizika. Pa msewu wanga, cha ku Mbayani ndi ku Chemusa, chovuta ndi maminibasi. Kondakitala akangomenya chitseko kuti waona wokwera, dalaivala amakhotera kumanzere nthawi yomweyo, ndipo kumanzere komweko ndi kumene njinga zambiri zimakonda kudutsa. Anthu nawonso amatulukira kutsogolo kwa minibasi yoima, ena atasenza katundu, ena akukoka mwana. M'mphepete mwa phula mumadzala mchenga umene mvula imakokolola kuchokera kumtunda, ndipo tayala lakutsogolo likaponda mchenga muli pa buleki, limathawa osakuchenjezani. Msewu womwewu mumadutsanso mathiraki ochokera ku Mwanza kudzera ku Lunzu ndi pa Kameza. Thiraki musamayende m'mbali mwake. Ngati nkhope ya dalaivala simukuiona m'galasi lake, iyenso sakukuonani, ndipo thiraki yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo amadula ngodya n'kutseka mpata umene munali. Kuyambira pa Clock Tower mpaka ku Limbe, pa Masauko Chipembere Highway, phula ndi lotakasuka, koma maraundabauti ndi amene amafuna maso. Woyendetsa galimoto akamalowa amakhala akuyang'ana galimoto inzake, njinga saiwerengera. Ine ndikafika pamenepo ndimachepetsa liwiro, ndimayenda pakati pa layini yanga kuti ndioneke, ndipo sindikhulupirira kuti munthu wandiona mpaka nditaona matayala ake ataima.

Anthu ambiri saganizira zoti ulendo ukhoza kugawidwa. Ngati mumakhala kumtunda kwa Chilobwe, ku Ndirande kuphiri, kapena m'kati mwa Machinjiri kumene minibasi safika, kabaza akhoza kukutsitsirani pa phula basi, kenako n'kukwera minibasi. Pa msewu wafumbi njinga imayenda pang'onopang'ono ndipo magalimoto ndi ochepa. Mwapulumutsa miyendo pa chitunda, komanso mwapewa gawo limene njinga imathamanga pakati pa malole. Chenjerani ndi mitsetse yokha nthawi ya dzinja. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anatisonyeza mmene madzi ochokera m'mapiri a mzinda uno wa Blantyre amakumbira misewu, ndipo mtsetse wamatope woterera ndi bwino kuutsika wapansi.

Nyengo ndi nthawi nazonso ziyezeni. Kuyambira May mpaka August kukachita chiperoni, chifunga ndi mvula yamawawa zimaphimba msewu m'mawa, galasi la chipewa limachita nthunzi, ndipo madzulo kumada msanga anthu akungoweruka kumene. Mvula yoyamba ya October kapena November ndi yoipa kuposa yonse, chifukwa imanyowetsa fumbi ndi oyilo zimene zaunjikana pa phula chilimwe chonse. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi usiku, oledzera pamsewu amachuluka. Usiku womwewo ndi pamene achifwamba amalanda njinga m'malo amdima. Sankhiranitu lero masiku amene simudzakwera njinga, ndipo muzisunga ndalama ya minibasi pambali. Mukasiya kuti mudzaganize m'mawa mutachedwa kale, mudzakwera basi, kaya kunja kuli bwanji.

Tsopano kwa inu amene mumakwera kabaza. Moyo wanu mukuupereka m'manja mwa munthu wina, ndiye muli ndi ufulu wonse womusankha. Kwerani pa siteji yodziwika, pamene akabaza amadziwana mayina. Musanakwere, yang'anani ngati njinga ili ndi nambala, magalasi onse awiri, ndi matayala amene mizere yake ikuonekabe. Muyandikireni pokambirana mtengo, fungo la mowa kapena chamba silibisika, ndipo maso ofiira a munthu amene sanagone amaoneka. Amene watseka makutu ndi zomvera nyimbo musiyeni. Malamulo a dziko lino amafuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi, ya A1 pa njinga zosapitirira 125cc kapena ya A pa zazikulu, njinga ikhale yolembetsedwa ku Road Traffic, ikhale ndi inshulansi, ndipo woyendetsa ndi wokwera onse avale zipewa. Za inshulansizi musazione ngati nkhani ya apolisi okha. Mukavulala pa njinga yopanda mapepala, wokulipirani chipukuta misozi amakhala mnyamata yemweyo, amene mwinanso njingayo ndi ya bwana wake.

Mukapeza mmodzi kapena awiri oyendetsa modekha, tengani manambala awo, muziwaimbira m'mawa uliwonse, ngakhale atakwezako mtengo pang'ono. Kukwera awiri kumbuyo kanani, ngakhale akuti muchepetsa ndalama. Njinga yolemedwa imachedwa kuima ndipo imavuta kukhota. Ali pamsewu akayamba kuthamanga, musachite manyazi. Mugwireni paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, ine sindikufulumira, tiyeni pang'onopang'ono." Ena amayankha kuti, "Musaope mayi, msewu uno ndimaudziwa." Akapitiriza, nenani kuti, "Imani pomwe pano nditsike," mumulipire, mukwere wina. Anyamatawa ambiri akuthamangira kukwanitsa ndalama ya mwini njinga ya tsikulo, sikuti ndi oipa mtima, ndipo wokwera akalankhula mwaulemu koma motsimikiza amamva.

Chipewa ndiye ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Kafukufuku amene WHO yakhala ikutchula amasonyeza kuti chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa mpata wa imfa ndi 42 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu oti chovalidwa bwino ndi ofunika. Chipewa chopachikidwa pa chiwongolero, chosanjikidwa pamutu lamba ali lendelende, kapena chipewa cha amisiri omanga nyumba, sichili m'chiwerengero chimenechi. Ngati mumakwera njinga tsiku ndi tsiku, gulani chanu, ngakhale njinga mulibe. Pogula chitembenuzeni, mukweze nsalu ya m'kati ndi chala. Pansi pake payenera kukhala chinthu choyera chokhuthala, changati chija amatchingira wayilesi yatsopano m'katoni. Chimenecho ndiye chimaphwanyika m'malo mwa chigaza chanu. Mukapeza kansalu ndi siponji yokha, chibwezeni. Pa lamba yang'anani kansalu kosokedwa kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kabwalo, kapena chizindikiro cha DOT kumbuyo, ngakhale zomata zabodza ziliponso, ndiye kulemera ndi kukhuthala kwake muzikuonabe. Chivaleni, mumange lamba kuti pansi pa chibwano pazingolowa zala ziwiri, mupukuse mutu. Chikamagwedera pachokha ndi chachikulu. Chophimba ndi chibwano chomwe ndi chabwino kuposa cha theka, poti munthu akagwa chafufumimba zimene zimayamba kukhula pansi ndi mano ndi nsagwada. Chipewa chimene chinagundapo kale mwamphamvu chatha ntchito, ngakhale kunja chikuoneka chosalala, n'chifukwa chake cha pakaunjika sindichikhulupirira.

Achemwali anga, ndikudziwa kuti tsitsi lomangidwa ndi ndalama zambiri limavuta m'chipewa, komanso chipewa cha wakabaza chimene chadutsa pamitu yambiri chimanyansa. Mangani duku lopyapyala m'kati, ndipo posankha maluko ganizirani oti chipewa chikwane. Khalani motangadza, miyendo uku ndi uku, mapazi onse pa zopondera. Kukhala cham'mbali n'kumene kumagwetsa anthu pa hampu. Chitenje kapena siketi yaitali isonkhanitseni pamiyendo, chifukwa nsonga yake ikalowa m'masipoko kapena mu tcheni imakukokerani pansi. Kwerani ndi kutsika mbali ya kumanzere, ekizozi yotentha njinga zambiri ili kumanja ndipo imasiya chilonda pa katumba. Mwana kumsana pa njinga yamoto ayi, chonde. Nsapato zikhale zotseka kwa tonse, amuna ndi akazi, zapaofesi mukavalire komweko.

Ngati mwaganiza zogula yanu, phunzirani kwa munthu wodziwa, pabwalo lopanda magalimoto, musanalowe pamsewu, ndipo katengeni laisensi. Chofunika kuchiyeserera kwambiri ndi kuima mwadzidzidzi. Ambiri amaopa buleki yakutsogolo, chonsecho ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga. Imafuna kuifinya pang'onopang'ono mowonjezera, pamodzi ndi yakumbuyo, njinga ili chilili, osati kuikoka kamodzin'kamodzi muli pakona. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola mumayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye kuti mwana akatulukira, mtunda wonsewo umatha musanagwire n'komwe buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, kuchoka pa 30 kufika pa 60, mtunda woimira mutagwira buleki umawirikiza kanayi. M'mawa musanalize injini, finyani matayala, yesani mabuleki onse awiri, onani nyali, ma indiketa ndi hutala, ndipo tcheni isakhale yolendewera kapena youma. Nyali yakutsogolo iziyaka ngakhale masana, ndipo valani jekete yowala ya lifulekita. Magalimoto akaima pamzere n'kufuna kudutsa pakati pawo, yendani liwiro loti chitseko chikatseguka mukhoza kuima.

Ngozi ikachitika, yanu kapena ya wina, anthu amathamangira kuvula chipewa, kudzutsa wovulala ndi kumumwetsa madzi. Aletseni. Khosi likhoza kukhala litathyoka, ndipo kumugwedeza kungamupuwalitse moyo wake wonse. Chipewa chivulidwe pokhapokha ngati akulephera kupuma. Pamene pakutuluka magazi dinikizani ndi nsalu yoyera, mwendo wothyoka musaukoke, ndipo pomunyamula mutu, khosi ndi msana ziyendere limodzi. Amene wagunda mutu apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa magazi amatha kukha m'kati mwa chigaza pang'onopang'ono. Kusanza, kuwodzera, kusokonezeka mutu kapena litsipa lomangokulirakulira ndi zizindikiro zoti muthamangire naye kuchipatala chachikulu cha Queens nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Kanenaninso kupolisi, chifukwa a inshulansi amafuna lipoti la apolisi asanalipire. M'thumba la jekete muzisunga kapepala kolembedwa dzina lanu, nambala ya m'bale wanu ndi matenda amene muli nawo ngati shuga kapena khunyu, poti foni imasweka kapena kusowa pamalo a ngozi, ndipo yokhala ndi loko palibe angaitsegule.