Momwe mungapangire kosi yanu yoyamba yapaintaneti

Anthu ambiri akafuna kupanga kosi yapaintaneti amayamba nkufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti, ndiye sabata yonse imatha akungoonera mavidiyo ofananiza mapulogalamu pomwe phunziro lenilenilo palibe ngakhale mzere umodzi. Ine ndimati pulogalamuyo idikire kaye.

Choyamba tengani pepala, lembani chiganizo chimodzi chonena zomwe munthu azitha kuchita akamaliza phunzirolo. Osati "adziwe za chitetezo cha paintaneti", izo nzachisawawa, koma monga "athe kuzindikira imelo yachinyengo asanadine linki". Mukatero lembani mafunso a kumapeto, atatu kapena anayi, musanalembe china chilichonse. Muona nokha kuti zambiri zomwe mumafuna kuthiramo sizikuthandiza kuyankha mafunsowo, ndiye zichotseni basi.

Kenako pangani storyboard, lomwe ndi tebulo chabe: mbali iyi zomwe zioneke pa sikilini, mbali inayo mawu omwe amveke, kwinako zomwe wophunzira adine. Mu Word zimatheka bwinobwino.

Apa mpamene mungasankhe pulogalamu. Ngati muli kale ndi masilaidi a PowerPoint, iSpring Suite imalowa mu PowerPoint momwemo nkuwasandutsa kosi. Articulate Rise ndi ya mu browser ndipo masamba ake amadzikonza okha kuti akwane pa foni, pomwe Storyline imakupatsani mphamvu zambiri, ma trigger ndi ma layer oti wina akadina apa pachitike zakuti, koma imafuna Windows komanso nthawi yoiphunzira. Adobe Captivate imadziwika pojambula zochitika pa sikilini, yabwino pophunzitsa anthu kugwiritsa ntchito software. Zonsezi nzolipira. Kwa woyamba kumene ine ndimalimbikitsa H5P, ndi yaulere, ili ndi vidiyo yoima pakati nkufunsa funso, makwizi, zokoka nkuponya pamalo pake, ndipo ndi pulogalamu ya Lumi mumapanga pa kompyuta panu popanda intaneti. eXeLearning nayo ndi yaulere.

Pangani phunziro limodzi lokha, la mphindi zisanu kapena khumi, musayambe lachiwiri ayi. Mawu jambulani ndi Audacity m'chipinda chopanda phokoso, vidiyo ikhale yaifupi poti si onse ali ndi data yambiri, ndipo muike mawu olembedwa pansi pake kuti osamva nawonso atsatire.

Tsopano pomwe ambiri amapunthwa. Kosi yanu ikhala mu LMS, pulogalamu yapaintaneti yomwe ophunzira amalowamo kuti achite makosi, monga Moodle yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002, ndipo kuti LMS idziwe kuti wakuti wamaliza komanso wapeza malikisi angati, kosiyo mumaitulutsa ngati SCORM, yomwe ndi njira yolongedzera kosi kuti izilumikizana ndi LMS. Pali SCORM 1.2 ya mu 2001 ndi SCORM 2004. Kusiyana komwe kukukhudzeni nkwakuti 1.2 imasunga kumaliza ndi kukhoza pamalo amodzi pomwe 2004 imazilekanitsa, munthu atha kumaliza kosi koma osakhoza ndipo zonse ziwiri zimalembedwa. Palinso njira ina yotchedwa xAPI ya mu 2013, koma funsani kaye woyang'anira LMS kuti imalandira mtundu uti musanadine publish. Mupeza fayilo ya zip, musaimasule. Mkati mwake muli imsmanifest.xml yomwe iyenera kukhala pamwamba penipeni osati mkati mwa foda ina, ine ndinatayapo madzulo athunthu LMS ikukana kosi chifukwa ndinamasula zipiyo nkuimanganso pamodzi ndi foda yake.

Kosiyo iyeseni pa SCORM Cloud, tsamba lapaintaneti loyeserapo makosi a SCORM, kapena pa LMS yanuyo ngati wophunzira, osati ngati admin. Lakwitsani dala mafunso muone zomwe zilembedwe, tsekani pakatikati mutsegulenso muone ngati ikupitiriza pomwe munasiyira, kenako tsegulani pa foni yaing'ono muone ngati mabatani akudinika ndi chala.

Ngati zomwe mukulemba ndi masamba othandiza ogwiritsa ntchito pulogalamu, osati kosi, zida zake ndi zina: MadCap Flare, Adobe RoboHelp, HelpNDoc. Uko mumalemba timitu tating'onoting'ono, kalikonse kayankhe funso limodzi, ndipo kuchokera pa zolemba zomwezo mumatulutsa masamba a paintaneti ndi PDF. Dzina la pulogalamuyo liikeni ngati variable, mawu olembedwa kamodzi nkumaoneka paliponse pomwe akufunika, kuti likasintha mukonze pamalo amodzi.

Phunziro lija likadutsa mayeso a pa LMS ndi pa foni aja, lipatseni anthu awiri omwe sanalionepo, mukhale pambali pawo chete, osawauza poti adine. Lembani pomwe akaime nkumasakasaka batani, mukonze pamenepo, ndiye mutenge fayilo yomweyo ngati template ya phunziro lachiwiri.