Mukupita ku Ireland pa holide kukaphunzira zaluso ndi mbiri? Konzekani chonchi

Anzanga a pa Mzuni amene mwapeza malo pa ulendo wa ku Ireland uja wa June kapena July, yambani ndi viza, sutikesi idikire kaye. Ireland siili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi, ndiye viza ya ku Germany kapena France kumeneko ilibe ntchito, inu mukufunika ya short stay ija amati C, ya masiku osapitirira 90. Fomu mumadzaza pa intaneti, kenako tsatani zimene embase ya Ireland ku Lilongwe ikufuna, monga kalata ya yunivesite yomwe yakuitanani, ina ya ku sukulu kwanu yosonyeza kuti mubwerako, bank statement ndi inshuwalansi. Yambani kukadali miyezi itatu, ndipo nkhani ya forex mukuidziwa nokha, ma euro sapezeka tsiku limodzi.

Pogula tiketi pewani yodzera ku London chifukwa ya UK ndi viza ina. Chimodzimodzi Belfast, ili pachilumba chomwecho koma ndi UK, ndalama yake ndi paundi, ndiye ngati pulogalamu ili ndi tsiku la kumeneko funsani aphunzitsi msanga.

Zovala musavutike, chilimwe chawo chili ngati June wa kuno ku Mzuzu, kamvula kowaza ndi kamphepo, madigiri 15 mpaka 20 basi. Jekete losalowa madzi ndi nsapato zoyendera zakwana. Mapulagi ndi omwewa a mano atatu. Chimene chidzakusokonezeni ndi dzuwa, limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, mukapanda kuyang'ana wotchi mudzagona mochedwa kalasi ili mmawa.

Tsopano zokaona. Malo atatu awa bukani pa intaneti musananyamuke chifukwa amadzaza. Book of Kells ku Trinity College, buku la Mauthenga Abwino anayi lomwe amonke analemba ndi kujambula pamanja pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800, muona masamba awiri okha omwe atsegula tsikulo ndiye musathamange, yang'anitsitsani timizere tolukana tija ndi tinyama tobisala m'zilembo. Newgrange ku County Meath, manda a miyala a cha m'ma 3200 BC, akale kuposa mapiramidi a ku Giza, polowera ndi pa malo olandirira alendo a Brú na Bóinne. Kenako ndende ya Kilmainham, komwe a Britain anawombera atsogoleri a kuukira kwa anthu a ku Ireland kwa pa Pasaka wa 1916.

Apa ndipomwe ine ndimati Mmalawi ali ndi mwayi kuposa anzake mu kalasi. A Chilembwe anaukira boma lomwelo la Britain mu January 1915, chaka chimodzi chokha m'mbuyo, ndiye werenganiso za ku Mbombwe musanapite, essay yanu idzakhala ndi nyama. Njala ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852, mbatata ya kachewere itaola m'minda n'kufa anthu pafupifupi 1 miliyoni, siidzakhala nkhani yachilendo kwa munthu amene agogo ake anamuuzako za njala ya 1949.

Ku Dublin, National Museum pa Kildare Street ndi National Gallery n'zaulere, pitani kawiri ngati mpata ulipo, ku museum yambani ndi chikho chakale cha Misa chotchedwa Ardagh Chalice ndi mitembo yakale yomwe anaipeza m'madambo. Mukafika ku Dublin gulani Leap Card ya basi, ndipo chakudya chamasana muzigula mu supamaketi, lesitilanti idzakumalizani ma euro sabata yoyamba.