Galimoto ikamatentha pokwera Ku Chawe, yambani ndi mapaipi musanatsegulitse injini

Okutobala ndi Novembala akafika, mumsewu wokwera phiri la Zomba simulephera kupeza galimoto itaima pambali, boneti ili m'mwamba, mwini wake akudikira kuti nthunzi ithe. Zambiri zimakhala Sienta, Probox kapena Vitz zomwe zimayenda bwinobwino kuchoka ku Chinamwali kukafika ku Mpondabwino, koma zikangoona chitunda injini imatentha mopitirira muyeso. Makaniko woyamba yemwe mungamuimbire adzakuuzani kuti gasiketi, chomata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa, injini itsegulidwe. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma musanavomere, pali zinthu zoti muone nokha pakhomo, ndipo zambiri sizifuna sipanala n'komwe.

Ntchito yonseyi iyambike m'mawa injini ili yozizira. Chitsekero cha rediyeta sichitsegulidwa injini ikutentha, chifukwa madzi amkatimo amakhala atapanikizika ndipo mukangopotokola amawira pompo n'kukuwaulani manja ndi nkhope. Madzulo ake yalani katoni pansi pa injini. Kukacha, malo omwe katoniyo yanyowa akuuzani mbali yomwe madzi akudonthera. Madzi oyera opanda fungo omwe amadontha mukagwiritsa ntchito AC asakudetseni nkhawa. Omwe tikufuna ndi apinki, ofiira, obiriwira kapena adzimbiri.

Tsegulani chitsekero muone ngati madzi afika pakhosi pa rediyeta. Musakhulupirire kabotolo kapulasitiki kapambali kokha, kamatha kukhala kodzaza pomwe rediyeta ili theka. Kenako tsatirani mapaipi awiri akuluakulu aja, yam'mwamba ndi yam'munsi, mukuwafinya ndi dzanja kuyambira koyamba mpaka kothera. Paipi yabwino imalimba pang'ono n'kubwerera m'malo mukaisiya. Ikakhala yofewa kwambiri, kapena yatupa pafupi ndi kilampu, kapena yauma moti ikulira tsetsetse mukaifinya, yatha ntchito. Yomwe yakhala ikudontheredwa ndi oyilo imafewa msanga chifukwa oyilo amadya labala. Walitsani tochi pomwe paipi ikulumikizana ndi chitsulo. Mukaona zoyera kapena zapinki zitauma pamenepo, dziwani kuti pamatuluka madzi injini ikatentha, ngakhale pano pakuoneka pouma. Marediyeta a galimoto za ku Japan zimenezi ali ndi mutu wapulasitiki, ndipo amakonda kung'aluka m'mphepete momwe pulasitiki wagwirana ndi chitsulo. Musaiwalenso timapaipi tiwiri ta hita tolowera kukhoma la kumbuyo kwa injini. Kapeti wa kutsogolo akamanyowa popanda mvula, vuto likhoza kukhala kumeneko.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, chifukwa ndi pomwe galimoto yanga inandizunguza mutu. Madzi sankadontha, katoni inkadzuka youma, fani inkazungulira, rediyeta inatsukidwa. Ulendo wa ku Liwonde inkapita n'kubwera osadandaula. Koma ikangoyamba makona okwera Ku Chawe pa giya yachiwiri, muvi wa geji ya kutentha unkakwera. Chomwe chinkachitika n'chakuti pampu ya madzi imakoka madzi kudzera m'paipi yam'munsi, ndipo injini ikamathamanga kwambiri kukokako kumakula. Paipi ikakhala yofooka imaphwatalala n'kutseka njira ya madzi. Mukaima n'kutsegula boneti, injini yabwerera pansi, paipi yadzukanso, ikuoneka yosalakwa. Yangayo inali yatsopano, yogulidwa pa shopu ina ku Limbe kwa mnyamata yemwe analumbira kuti "abwana, iyi ndi orijino", koma labala wake anali wopyapyala.

Kuigwira kwake n'kosavuta koma kumafuna anthu awiri. Injini itenthe kaye, wina akhale mkati aponde mafuta mpaka muvi wa liwiro la injini ufike cha pa 3,000, inu mukuyang'ana paipi yam'munsiyo ndi tochi. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani komanso lamba, fani yamagetsi imadzuka yokha osachenjeza. Mukaona paipi ikulowa mkati, mwampeza wakuba. Koma musathamangire kusintha paipi yokha. Paipi imaphwatalala msanga ngati rediyeta yatsekeka mkati, kapena ngati chitsekero sichikugwira mphamvu. Pa ine zinali ziwiri, paipi ndi chitsekero.

Chitsekerochi anthu amachiderera. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, nambala ya mphamvu yake, ndipo ntchito yake n'kupanikiza madzi kuti asawire mpaka atafika cha m'ma digiri 120. Chikatha mphamvu madzi amawira pa 100, ndipo pamwamba pa phiri, komwe ndi mamita oposa 1,500, amawira cha pa 95 basi. N'chifukwa chake galimoto yomwe ili bwino m'tauni imakagwa ulesi kumtunda. Chitembenuzeni muone labala wake ngati wang'aluka, ndipo kanikizani sipuling'i muone ngati ikadali ndi mphamvu. Chizindikiro china: mukapeza m'mawa paipi yam'mwamba itaphwatalala yokha injini isanalizidwe, ndiye kuti kavavu kakang'ono ka pansi pa chitsekero kakanirira, kapena kapaipi kopita ku kabotolo kaja katsekeka, moti madzi sakubwerera mu rediyeta injini ikamazizira. Gulani chitsekero cha nambala yomwe inabwera ndi galimoto. Zonyezimira zomwe amagulitsa pathebulo mumsika zimalembedwa nambala yolondola, koma sipuling'i yake mutha kuikanikiza ndi chala chaching'ono. Chiyambire pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masipeya enieni anakwera koopsa, ndipo afeki achuluka. Komabe chitsekero chenicheni ndi paipi ziwiri sizingafike pa mtengo wopalitsa mutu wa injini ku Blantyre.

Pogula paipi nyamulani yakaleyo mukafananitse mapindidwe ake. Ya kaunjika yochotsa pa galimoto ya ngozi nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina, bola muifinye kaye. Makilampu a sipuling'i omwe anabwera ndi galimoto musawataye, amatsatira paipi ikamafutukuka ndi kunyala. Omanga ndi sikuluwu aja mukawalimbitsa kwambiri amadula labala kapena kuswa khosi lapulasitiki la rediyeta. Zomanga ndi waya kapena mphira ya chubu ndi zoti mufikire pakhomo kuchoka ku Thondwe, osati zokhala nazo mwezi.

Thermostat ndi vavu yomwe imatseka njira ya madzi a ku rediyeta mpaka injini itatentha. Pa ma Toyota ambiri imakhala pomwe paipi yam'munsi ikulowera mu injini ndipo imatseguka pa madigiri 82. Geji ikamakwera, paipi yam'mwamba ili moto koma yam'munsi ili zii, ndiye kuti yakanirira kapena rediyeta yatsekeka. Chotsani thermostat muiike mu poto wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanawire. Amakaniko ambiri kuno amangoitaya, ati Malawi ndi dziko lotentha. Ine sindigwirizana nazo: injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, ndipo m'mawa wa Juni ku Zomba kuno si wotentha.

Fani muiyese poyatsa AC, iyenera kudzuka. Ikapanda kutero onani fyuzi ndi relay, kaswichi kamagetsi koyatsa fani, musanagule mota. Galimoto ikamatentha pa mzere wa mafuta koma n'kuzizira mukamathamanga, ndi fani imeneyo. Pampu ya madzi ikatha imadontha pa kabowo ka pansi pake kapena imalira. Gasiketi ndiyo yomalizira: thovu losatha pakhosi pa rediyeta injini ikulira, utsi woyera ku ekizozi ngakhale injini yatentha, paipi yam'mwamba youma gwa mutangoliza kumene, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Mukaona zimenezi, muimbireni makaniko uja.

Pothira madzi, sakanizani coolant (mankhwala a mu rediyeta) ndi madzi oyera othira mu batire, osati asidi, theka ndi theka, pokhapokha botolo litalembedwa kuti ndi wosakaniza kale. Madzi a pa mjigo, makamaka a kumbali ya Jali ndi Kachulu, ali ndi mchere womwe umatseka timabowo ta rediyeta. Za dzira laliwisi ndi ufa wa kare zisiyeni, zimatseka podontha limodzi ndi hita yomwe. Ikani hita pa moto wonse, lizani injini chitsekero chili chotsegula mpaka thovu lithe, onjezerani, tsekani, mawa lake muonenso. Coolant wakale musamusiye m'beseni pabwalo, amatsekemera ndipo amapha agalu ndi ana.