Mukafika ku Japan nthawi ya sakura, kakwereni phiri la Arakurayama

Anzanga a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mukukonzekera ulendo wa ku Japan, kaya ndi sukulu yolipiriridwa ndi boma la Japan ya MEXT ija, kaya maphunziro afupiafupi a bungwe la zachitukuko la JICA, kaya mwangoitanidwa ndi mwana wanu amene ali kumeneko, ngati ulendo wanu ukugwa mu April ndiye muli ndi mwayi, chifukwa ndi nthawi imene mitengo ya sakura imachita maluwa. Anthu ambiri amangothera m'mapaki a mu Tokyo basi, ndi okongola inde, koma ine ndikuti patulani tsiku limodzi mupite ku Fujiyoshida m'chigawo cha Yamanashi, mukakwere phiri la Arakurayama pomwe pali kachisi wa chipembedzo cha Shinto wotchedwa Arakura Fuji Sengen. Pamwamba pake mumaona zinthu zitatu nthawi imodzi, maluwa ali pafupi nanu, tauni yonse ili pansi, kenako phiri la Fuji lili uko ndi chipale chake chofewa pamutu. Kulowa ndi ulele, palibe tikiti ya pageti.

Nkhani yaikulu ndi ya nthawi, ndipo apa ndi pomwe anthu amaphonya. Maluwa amenewa sadikira munthu ayi. Akangoyamba kumasula amatenga pafupifupi sabata kuti afike pachimake, kenako sabata inanso ayamba kuthothoka, ikabwera mvula ndi mphepo ndiye amatha msanga kuposa pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti mitengo yambiri kumeneko ndi ya mtundu wa Somei Yoshino, ndipo simabzalidwa kuchokera ku njere koma amachita kumezanitsa, ndiye yonse ndi mtengo umodzi womwewo, ngati tiyi wa m'maesiteti athu uja amene amachokera ku tinthambi todula ku nazale n'kumaphuka mofanana munda wonse. Ikayamba imayambira limodzi, ikatha imathera limodzi. Ku Tokyo nthawi zambiri amamasula chakumapeto kwa March, koma Fujiyoshida ndi malo okwera ndi ozizira ndiye amachedwerako, kawirikawiri ndi koyambirira mpaka pakati pa April. Izi ndi zabwino kwa inu amene mwangofika kumene, poti mukapeza a ku Tokyo athothoka musataye mtima, kumtundako akhala akuyamba kumene. Musakhulupilire tsiku la chaka chatha, chaka chilichonse chimasiyana, onani pa intaneti zolosera za sakura zimene amatulutsa a Weathernews ndi ena, komanso zithunzi zimene anthu aponya dzulo lake.

Chachiwiri pa nkhani ya nthawi yomweyi, lawirirani. Phiri la Fuji ndi lalitali mamita 3,776, kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, ndipo limakonda kuoneka bwino m'mawa, dzuwa likamakwera mitambo imalizungulira n'kulibisa lonse. Onani zanyengo usiku wake, ngati akuti kukhala mitambo kapena mvula ndipo muli ndi tsiku lina lopuma, sinthani basi osakakamira. Ndipo ngati mungathe pitani mkati mwa sabata, Loweruka ndi Lamulungu anthu amachita kudzadza osati masewera.

Kayendedwe kake sikovuta. Mukakhala ku Tokyo pitani pa sitesheni ya Shinjuku, pali sitima ya Fuji Excursion imene imapita molunjika n'kukutsitsani pa Shimoyoshida, ulendo wosakwana maola awiri, koma mipando yake ndi yosungitsiratu ndipo nthawi ya maluwa imatha msanga ndiye gulirenitu tikiti masiku angapo zisanachitike. Mukaiphonya kwerani sitima ya njanji ya Chuo mpaka pa Otsuki, pamenepo musinthe mukwere ya Fujikyu, mutsike pa Shimoyoshida pomwepo. Njira iyi ndi yotchipirako ngati mwakwera sitima wamba, ndipo khadi yolipirira sitima ya Suica kapena Pasmo imagwira ntchito, bola muikemo ndalama zokwanira zopitira ndi kubwerera. Amene muli ndi JR Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za kampani ya JR, dziwani kuti kuchokera pa Otsuki kupita mtsogolo njanjiyo si ya JR, mulipira padera. Palinso mabasi ochokera pa depoti ya Shinjuku opita cha ku Kawaguchiko, koma msewu umapanikizana masiku a tchuthi, ine ndimakonda sitima poti nthawi yake siiphonya. Akati 7:30 ndi 7:30 ndithu, mukafika mphindi imodzi mochedwa mupeza yapita.

Kuchoka pa sitesheni kukafika pa kachisi ndi mphindi khumi zokha wapansi, zikwangwani zilipo ndipo simungasochere poti aliyense akulowera komweko. Koma chonde kumbukirani kuti mukudutsa pakhomo pa anthu. Anthu a m'derali akhala akudandaula za alendo olowa m'mabwalo a nyumba zawo, otaya zinyalala, oima pakati pa msewu kumajambula magalimoto akubwera. M'tauni yoyandikana nayo ya Fujikawaguchiko mu 2024 akuluakulu anafika potchinga ndi chinsalu chakuda malo ena amene anthu ankajambulirapo phiri la Fuji, chifukwa cha khalidwe lomweli. Ife tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu umaodira kaye, ndiye tiyeni tikaonetse zimenezo, tisakaonjezere pa mavuto awo.

Tsopano pa kachisi penipeni, apa ndifotokoze mwachifatse chifukwa ndikudziwa funso limene lili mumtima mwa ambiri a ife. Ena ndife a CCAP, ena Akatolika, ena a Seventh Day a ku Malamulo, ena Asilamu, ndiye munthu umadzifunsa kuti kodi ndikalowa m'malo amenewa sindikhala kuti ndapembedza nawo? Palibe amene akukakamizeni kupemphera, palibe akufunseni mpingo wanu, mutha kudutsa mwaulemu n'kupitiriza ulendo wanu wokwera phiri popanda kuwerama kapena kuomba m'manja ndipo palibe akuyang'aneni ndi diso loipa. Chimene amafuna ndi ulemu basi. Kwa eni ake malowa ndi opatulika, mbiri yawo imati kachisiyu anayamba m'chaka cha 705, ndipo amalemekezapo Konohanasakuya-hime, mulungu wamkazi amene amamugwirizanitsa ndi phiri la Fuji komanso maluwa a sakura. Ndiye simalo ongojambulirapo ayi, muona agogo ena atabwera kudzapemphera zenizeni, apatseni mpata ndipo musawaike kamera kumaso.

Poyamba mupeza chipata chachikulu chofiira, mizati iwiri ndi mitanda pamwamba, amachitcha torii. Eni ake amawerama pang'ono asanadutse, ndipo amayenda cham'mbali mwa njira poti pakati amati ndi podutsa milungu yawo. Kuyenda m'mbali sikukutayitsani kanthu, chitani choncho. Kenako pali malo osambira m'manja, temizuya. Pakakhala kachikho ka mpini wautali mumakagwira ndi dzanja lamanja n'kutunga kamodzi kokha, kutsira dzanja lamanzere, kusintha n'kutsira lamanja, kenako kuthira pang'ono m'chikhatho chamanzere n'kuchukucha mkamwa, madziwo kulavulira pansi pambali, pomaliza kukaimika kuti otsalawo atsuke mpini. Osaika mlomo pa kachikhoko, osabwezera madzi mu thankimo, ndipo si madzi akumwa olo ludzu litakupwetekani bwanji. Amene akupemphera amaponya kandalama m'bokosi lamatabwa, kawirikawiri ka 5 yen koboola pakati kaja, amawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kukhala chete pang'ono, n'kuweramanso kamodzi. Ndakuuzani izi kuti mudziwe chimene mukuona, zochita nazo kapena ayi zili ndi inu ndi chikumbumtima chanu.

Muonanso timatabwa tapachikidwa mbali ina, ndi ema, anthu amalembapo zopempha zawo, wina mayeso, wina matenda a mayi ake. Musatigwiregwire kapena kutijambula pafupi mpaka mayina kuoneka, ndi zakukhosi za anthu zimenezo. Timapepala tomangidwa pa zingwe ndi omikuji, ta maula, ndipo tizithumba tokongola timene amagulitsa pa windo ndi omamori, zithumwa zawo. Ndikunena izi chifukwa ndi tokongola kwambiri ndipo munthu utha kugulira amayi kumudzi ngati mphatso wamba osadziwa kuti ndi chiyani, ndiye gulani mukudziwa.

Mukachoka pa kachisi ndi pomwe ntchito ili, masitepe 398 kukafika pamwamba. Kwa munthu wozolowera mapiri si kanthu kwenikweni, mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri mwafika, koma musathamange, masitepewo ndi otsetsereka ndithu ndipo anthu amakhala ambiri, ena akutsika ena aima akupuma. Ngati muli ndi achikulire, mwana wamng'ono kapena mawondo amakuvutani pali msewu wokhotakhota wopanda masitepe umene umakafika komweko, ndi wautaliko koma wofatsa, ndipo kunena zoona maluwa mumawaona bwino mukadzera kumeneko chifukwa mumayenda pansi pa mitengo yeniyeniyo. Ine ndimati kwerani pa masitepe, potsika dzerani msewuwo. Paphiri lonselo pali mitengo ya sakura pafupifupi 650.

Pamwamba mupeza nsanja yofiira ya madenga asanu, Chureito, imene mwina munaionapo kale pa zithunzi za Japan osadziwa kuti ili kuti. Imaoneka yakalekale koma inamalizidwa mu 1963, ndipo ndi chikumbutso cha anthu a ku Fujiyoshida amene anafa pa nkhondo. Anthu ambiri amangoiona ngati chokongoletsa chithunzi, koma ndi malo okumbukira akufa, ndiye phokoso ndi nyimbo za pa sipika zisiyeni. Kuseri kwake chakumtunda kuli pokwera pamatabwa poonera, ndipo chithunzi chotchuka chija amajambulira pamenepo. Nthawi ya maluwa pamakhala mzere wautali, nthawi zina kupitirira ola, ndipo amalowetsa anthu m'magulu kwa mphindi zochepa kenako n'kukuuzani kuti mupereke mpata kwa ena. Konzekeranitu muli pa mzere, foni ikhale m'manja, galasi la kamera mwapukuta, mwagwirizana kale ndi mnzanu kuti ayamba kujambulidwa ndani. Koma pempho langa, musathere mphindi zonsezo mukuyang'ana mu foni. Jambulani ziwiri zitatu, kenako tsitsani dzanja muone ndi maso anu, madenga a tauni yonse ali mbee pansipo, sitima ikuyenda ngati kachingwe, phiri lija latenga theka la thambo. Mukatuluka pamenepo musafulumire kutsika, pitirirani pang'ono chakumtunda, anthu amachepa ndipo pali malo okhala poti mutha kupuma n'kudya kamba wanu mukuona phiri lomwelo.

Maluwa osathyola, nthambi osagwedeza kuti athothoke mujambule vidiyo, osakokera nthambi kumaso, osakwera mumtengo, ndipo osaponda pa mizu. Mitengo imeneyi siichedwa kuwola ikavulala, ndipo anthu akumeneko zimawapweteka mtima kwambiri akaona mlendo akuchita zimenezo olo sangakuuzeni pamaso.

Zonyamula ndi zochepa. Jekete yotentha ndithu chifukwa m'mawa wa April kumeneko kumazizira kuposa June wa kuno, valani zovala zingapo zosanjikiza kuti mukatenthedwa pokwera muzivula chimodzichimodzi. Nsapato zafulati, zazitali zija muzisiye. Madzi akumwa, pawabanki poti kuzizira kumadya batire, ndalama za kashi pang'ono makamaka zachitsulo poti timalo ting'onoting'ono tina sitilandira khadi, ndi kajumbo koikamo zinyalala zanu chifukwa ku Japan mabini a m'misewu ndi osowa, aliyense amabwerera nazo kwawo. Chikwama chachikulu chamatayala musakwere nacho, chisiyeni komwe mukugona. Amene mumavutika ndi chimfine cha mungu nyamulani mankhwala ndi masiki, nyengo imeneyi mungu wa mitengo ya sugi ndi hinoki umavutitsa anthu ambiri kumeneko. Ndipo mukafuna kuimbira a kunyumba pa WhatsApp kuti aone nawo, kumbukirani kuti Japan ili patsogolo ndi maola 7, ndiye 9 koloko m'mawa kumeneko kuno ndi 2 koloko usiku, bola kujambula kavidiyo muwatumizire akadzuka.

Mukatsika njala ikhala itakugwirani, ndiye yesani chakudya cha m'tauniyi, Yoshida udon, ndi manudozi onenepa olimba kutafuna, amaika mu msuzi wotentha ndi kabichi, amakhutitsa ndipo si odula. Chimodzi chokha mudziwiretu, nyama imene amaikamo kawirikawiri ndi ya hatchi, ndiye ngati simudya funsani kaye kapena itanitsani wopanda nyama, foni yanu itha kukumasulirani menyu mukailozetsa kamera. Malo ambiri ogulitsa udon amatsegula nthawi ya nkhomaliro yokha, ikamakwana 2 koloko ayamba kutseka, ndiye konzani kuti mukhale mwatsika phiri isanakwane 1 koloko, mudye, kenako muone nthawi ya sitima yobwerera ku Otsuki musanayambe kuzungulira m'tauni.