Ukamaopa belu la nkhomaliro kusukulu yogonera

Teremu yanga yoyamba ku Fomu 1 ndinaonda mpaka siketi ya yunifolomu ndinkaigwiritsa ndi pini. Amayi atabwera kudzandiona anaganiza kuti ndi malungo. Sanali malungo, ndipo nsima inkaphikidwa yokwanira. Vuto linali belu la 12 koloko. Likangolira, m'manja munkachita thukuta, mtima n'kumagunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu, miyendo n'kukana kulowera kudayining'i kumene atsikana mazanamazana ankasokosa ndi mbale zawo. Ndinkabisala m'bafa mpaka phokoso litatha, kenako n'kukanyambita chiponde kuseri kwa chitseko cha hositelo. Ku Fomu 4, ine yemweyo ndinali pulifekiti wa m'dayining'i. Chipinda chimenechi ndimachidziwa mbali zonse ziwiri, ndiye mng'ono wanga, tamvera zomwe zinandithandiza.

Uyambe wadziwa chomwe chikukuchitikira. Anzako azinena kuti ndiwe wamatama, aphunzitsi azinena kuti ndi manyazi a kumudzi. Manyazi wamba amatha ukazolowerana ndi anthu. Izi n'zina: ndi mantha aakulu oti anthu akukuyang'ana ndipo akupeza chokunyozera, moti umalolera kugona ndi njala. Achipatala amati social anxiety, ndipo kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka pafupifupi 13, msinkhu womwewo umene ambiri timasankhidwira kusekondale titalemba mayeso a Sitandade 8. Thupi likaona ngati pali ngozi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline: mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, m'mimba mumaleka kugaya chakudya bwino. N'chifukwa chake mbamu imakana kutsika pakhosi ngakhale uli ndi njala. Si kulodzedwa.

Choipa chake n'chakuti kuthawa kumakoma. Ukabisala m'bafa mtima umakhala m'malo nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa chothawa. Mawa lake mantha amabwera atanenepa. Ine ndinawanenepetsa teremu yonse.

Chinthu choyamba chomwe ndikanachita sabata yoyamba n'kufunsa malamulo onse a m'dayining'i. Theka la mantha anga linali losadziwa kuti ndiime pati, ndikhale liti, ndiyambe kudya nthawi yanji. Safunsa anadya phula. Usafunse wa Fomu 4, amene mwina akuseka kapena akutuma kukachapa mbale yake. Funsa wa Fomu 2, amene akukumbukirabe mmene zinkawawira. Mufunse motere: kodi matebulo ndi ogawiratu kapena aliyense amakhala pomwe wafuna? Amagawa chakudya ndani? Pemphero limachitika tisanakhale kapena titakhala? Ukachedwa chilango chake n'chiyani, kukolopa kapena kutchetcha? Ukamaliza ungatuluke wekha kapena mpaka pulifekiti anene? Sukulu iliyonse ili ndi zake. Ine malamulo ndinkawaona ngati adani, koma nditawaloweza ndinapeza kuti amandichotsera ntchito yoganiza. Aliyense akuchita zofanana nthawi yofanana, ndipo wochita zofanana ndi anzake saonekera.

Kenako nkhani ya nthawi. Wamantha amazengereza, amalowa womaliza, ndiye maso onse amatembenukiradi kukhomo, ndipo pulifekiti amamulemba dzina. Uchite zosiyana. Ukhale m'gulu la anthu khumi oyambirira pamzere. Kulowa m'chipinda chopanda anthu n'kumaona chikudzaza pang'onopang'ono n'kopepuka kwambiri kuposa kulowa m'chipinda chodzaza kale. Ngati malo si ogawiratu, masabata oyamba sankha kumapeto kwa benchi, khoma lili kumsana. Ngati ndi ogawiratu, pempha wamkulu wa tebulo lanu kuti uzikhala kumapeto. Sufunika kufotokoza zambiri, "ndimamva kutentha pakati" n'zokwanira.

Manja ndiwo ankandiulula, chifukwa ankanjenjemera ndikanyamula kapu. Mankhwala ake n'kuwapatsa ntchito. Ndinadzipereka kukatunga madzi a patebulo pathu ndi kupukuta tikamaliza. Zikuoneka ngati ukapolo, koma wonyamula jagi amakhala ndi chifukwa choyendera, ndipo anthu amayang'ana jagiyo. Pamzere uzipuma chonchi: kokera mpweya m'mphuno ukuwerenga mpaka 4, tulutsa pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa kotalikako ndi kumene kumatsitsa liwiro la mtima. Ukachita kasanu kapena kasanu n'kamodzi palibe amene angazindikire.

Tsopano pamene pagona nkhani. Usadziuze kuti mawa ukadya mtanda wonse ukuseka ndi anthu. Ulephera, n'kubwerera kubafa. Ukwere ngati makwerero. Sabata yoyamba cholinga changa chinali kungolowa, kukhala pansi, kudya mbamu zitatu ndi kukhalabe mpaka ena atayamba kutuluka. Sabata yachiwiri, theka la mtanda. Yachitatu, kunena chiganizo chimodzi patebulo. Changa chinali "tandipatsireko mchere," ndipo ndinachiyeserera usiku wonse ngati ndakatulo ya pa asembule. Lamulo lake ndi limodzi: usatuluke mantha ali pachimake. Amakwera, amaima, kenako amatsika okha ngati sunathawe, ndipo thupi liyenera kuona kutsikako ndi maso ake kuti likhulupirire. Kuseri kwa kope langa la Biology ndinkalemba nambala tsiku lililonse, kuyambira 0 mpaka 10, ya kukula kwa mantha polowa ndi potuluka. Ndinayamba ndi 9 polowa, 7 potuluka. Mwezi usanathe ndinkalemba 6 ndi 3. Masiku ena nambala inkakweranso, makamaka tsiku la nyama pomwe anthu amakankhana, koma kope linkandikumbutsa kuti dzana zinali bwino.

Unena kuti, "Koma achemwali, amandiyang'anadi." Mu 2000, katswiri wa za maganizo Thomas Gilovich ndi anzake anafalitsa kafukufuku amene anachitira ophunzira a ku Cornell University ku America. Ankaveka wophunzira tisheti yochititsa manyazi n'kumulowetsa m'chipinda momwe munali anzake. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aona chomwe chinali patishetiyo, koma amene anachizindikira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ine umboni wanga ndi wa pakhomo la dayining'i pomwe ndinaima chaka chathunthu. Ndinkayang'ana zinthu zitatu: amene akulowerera mzere, amene akubisa nsima m'juzi, ndi ngati nyemba zikwanire tebulo lomaliza. Mmene munthu akutafunira sindinaonepo ngakhale kamodzi. Ena onsewo maso amakhala pambale, kusankha anankafumbwe m'nyemba.

Tsiku loopsalo linandifikira ndithu. Ku Fomu 2 ndinaterereka ndi mbale ya nyemba pakati penipeni, holo yonse inakuwa n'kumamenya matebulo. Ndinafuna nthaka indimeze. Ndinatola mbale, ndinakatenga chokolopera, ndinakolopa. Pofika chakudya chamadzulo nkhani inali itasintha kale, anthu ankakamba za mtsikana amene anagwidwa ndi foni. Zikakuchitikira, ubwerenso pa chakudya chotsatiracho. Ukadumpha chimodzi, chachiwiri chimalemera kawiri.

Pali malamulo awiri amene amapweteka kwambiri munthu wamantha: loletsa kutengera chakudya kuhositelo, ndi loletsa kujomba kudayining'i. Usawaphwanye mobisa. Ali ndi zifukwa zake, makoswe ndi mphemvu mbali ina, mbali ina akuluakulu amafuna kudziwa kuti mwana aliyense alipo ndipo wadya. Ukagwidwa udzaitanidwa dzina pagulu, chinthu chomwe ukuchithawacho. Pita kwa ametironi, kapena kwa abodingi masitala ngati ndiwe mnyamata, nthawi yomwe ali okha. Ngati mawu akukanika, lemba kakalata. Ine ndinati: "Madamu, ndikalowa m'dayining'i mtima umathamanga ndipo ndimalephera kudya. Sindikufuna kuphwanya lamulo. Ndikupempha kuti kwa masabata awiri ndizikhala tebulo la pafupi ndi khomo." Taona kuti sindinapemphe kudyera kwandekha. Akanandilola, bwenzi nditangosamutsa bafa lija n'kuliika muofesi yawo. Upemphe chinthu chaching'ono, chokhala ndi malire a nthawi, chokuthandiza kukhalabe m'chipindamo. Akuluakulu ambiri amavomera pempho lotere. Woyamba akakubweza ndi mawu oti "ukule," yesa mphunzitsi wa kalasi yako.

Usasokoneze mantha ndi nkhanza. Ngati a Fomu 3 akukulanda nyama, kukugwaditsa kapena kukuimbitsa nyimbo pamaso pa anthu, vuto silili m'mutu mwako ndipo kupuma mowerenga sikungalithetse. Kumeneko n'kuzunza, kanene. Ngati pasukulu palibe wokumvera, uza makolo, kapena imba 116, nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane.

Kwa iwe wa sukulu yoyendera, amene umabisa mbatata yako m'chikwama chifukwa anzako akugula tchipisi, njira yake ndi yomweyo: yamba kudya pamaso pa mnzako mmodzi, kenako awiri. Mbatata yootcha sichedwa kupeza abwenzi.

Ngati miyezi ikupita nambala zija osatsika, ukuonda, ukukomoka m'kalasi, wayamba kuthawanso maphunziro, kapena ukuganiza zodzivulaza, usadikire holide. Pempha kupita kuchipatala ndipo ukanene za manthawo, osangoti mutu ukupweteka. Zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala oona za maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu. Thandizo lodziwika bwino pa vutoli limatchedwa CBT, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ndipo mbali yaikulu ya thandizoli ndi makwerero omwe ndafotokozawa, kungoti umakwera ndi munthu wophunzira akukuyang'anira. Kupita kumeneko sikutanthauza misala, ngakhale azakhali anga mpaka lero sakuvomereza.

Kanthu kena kakang'ono. Ngati lamulo la pasukulu panu likulola, mbale ndi kapu uzinyamuliratu m'chikwama popita m'kalasi m'mawa. Ine malo omwe ndinkagonjera anali kuhositelo: ndikapita kukatenga mbale, bedi lili pomwepo, bafa lili pomwepo, basi osatulukanso. Nditayamba kuchoka m'kalasi molunjika kumzere, mbale ili kale m'manja, mpata wokambirana ndi mantha unatsala wa masitepe osakwana 100.