Mukamakayika ngati munapulumutsidwa, chitani izi

Abale anga, ndinakhala zaka zambiri ndikupemphera kuno ku Dedza koma mtima uli m'mwamba: kodi nditafa usiku uno ndikalandiridwa? Ndikuuzeni zomwe zinandithandiza.

Lekani kuyeza chipulumutso ndi mmene mwadzukira. Mu June nkhungu imakuta phiri la Dedza mpaka osaliona, koma phirilo limakhala lili pomwepo. Mtimanso umatero. Lero mukuimba nyimbo uku mukupalira kachewere, mawa mwauma gwa, pemphero losatuluka. Zikatero tsegulani 1 Yohane 5:13. Yohane akuti analembera okhulupirira dzina la Mwana wa Mulungu kuti adziwe kuti ali nawo moyo wosatha. Kudziwa, osati kungoganizira. Ine ndinalemba vesiyi papepala la m'kope n'kulimata kuseri kwa chitseko, ndipo ndimaiwerenga mokweza ndisananyamule khasu.

Mukachimwa musabisale. Litchuleni tchimolo pamaso pa Mulungu tsiku lomwelo, monga 1 Yohane 1:9 ikunenera. Ngati munalalatira mnzanu pamjigo, kapepeseni dzuwa lisanalowe. Ndinachitapo zimenezi miyendo ikunjenjemera, koma usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Chimwemwe chikazilala, pemphani monga Davide pa Salimo 51:12, kuti Mulungu akubwezereni chimwemwe cha chipulumutso chake.

Ndipo chonde musavutike nokha. Pitani kwa mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano amene amasunga chinsinsi, muwauze zonse, muwerenge nawo Yohane 10:28, pomwe Yesu akuti palibe adzakwatule nkhosa zake m'dzanja lake.